Mtsikana akagwidwa pa City Market, amathera kuti?

Pa City Market, m'mbali mwa Lumumba Road mumzinda wa Lusaka, phokoso silitha: makondakitala akuitanira okwera, anyamata a mawilibala akukuwa kuti anthu apatuke, amayi a salaula akutsatsa malaya. Mwa apo ndi apo pamabuka mfuu ya "wakuba!" ndipo khamu lonse limatembenukira kumodzi. Kawirikawiri wogwidwayo amakhala mnyamata. Koma tsiku lina amakhala mtsikana wa zaka 14 kapena 15, foni ya eni ili m'manja, ndipo ulendo umene akuuyamba pamenepo ndi wosiyana kwambiri ndi wa mnyamata. Malamulo a Zambia okhudza ana olakwa anasintha mu 2022. Malo osungirako ana, magalimoto owanyamulira ndi chiwerengero cha antchito owayang'anira zikutsalira m'mbuyo, ndipo amene akumva kwambiri kuwawa kwa kutsalirako ndi atsikana.

Kodi mwana wa zaka zingati angaimbidwe mlandu ku Zambia?

Wa zaka 12 kupita m'tsogolo. Kwa nthawi yaitali malire anali zaka 8, kutanthauza kuti mwana wa giredi 2 ankatha kukaima pamaso pa majisitireti. Malirewo anakwezedwa mu 2022, chaka chomwe Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina lamulo lalikulu la ana la Children's Code Act. Lamuloli linalowa m'malo mwa Juveniles Act ya mu 1956, yomwe dziko linatengera kwa atsamunda. Ku Malawi malirewa ali pa zaka 10, ku South Africa anawakweza kufika pa 12 mu 2022 momwemo, pomwe komiti ya United Nations yoona za ufulu wa ana inalangiza mu 2019 kuti mayiko asatsike pa zaka 14.

Vuto limagona pa kutsimikiza zakazo. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa mu 2018 anapeza kuti mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka zisanu, 14 okha ndi amene kubadwa kwawo kunalembetsedwa kuboma. Chitupa cha unzika cha NRC munthu amatenga akakwanitsa zaka 16. Ndiye wapolisi amangoyang'ana thupi. Mtsikana wakula msanga, kapena wabwera atabereka khanda kumbuyo, amaoneka ngati mayi wamkulu, ndipo akalembedwa choncho m'buku la kupolisi chitetezo chonse cha lamulo la ana chimamudutsa. Pakakhala mkangano amatumizidwa kuchipatala kuti madokotala akayerekeze zaka zake, ndipo pamene akudikira zotsatira masiku amakhala akupita.

Atsikana amagwidwa pa milandu yanji?

Kuba zinthu zing'onozing'ono, ndewu, kupezeka ndi chamba kapena mankhwala ena ozunguza bongo, kuyendayenda usiku, ndi milandu yokhudza mimba monga kuchotsa pathupi mobisa kapena kubisa kubadwa kwa mwana. Mndandandawu ukawerengedwa wokha umanamiza, chifukwa subwera ndi mbiri ya mwanayo.

Taganizani za mtsikana amene watengedwa ku Petauke kapena ku Katete ndi lonjezo la sukulu, n'kukathera pa ntchito ya m'nyumba ku Kabulonga kapena ku Woodlands. Lamulo la ntchito la mu 2019 limaika zaka 15 ngati poyambira kulembedwa ntchito, koma kuseri kwa mipanda italiitali palibe amene amafunsa. Miyezi ikadutsa osalandira malipiro, n'kutenga ndalama pa tebulo kuti apeze ya basi yobwerera kwawo, amene amakafika kupolisi ya Woodlands ngati wodandaula ndi abwana. Mlandu wa abwanawo, wogwiritsa ntchito mwana mwaulere, nthawi zambiri sulembedwa n'komwe.

Ena amagwa m'manja mwa lamulo chifukwa cha malonda. Moto wa pa 4 July 2017 unapsereza gawo lalikulu la City Market pamodzi ndi mpamba wa mabanja ambirimbiri. Kugulitsa m'misewu ya m'tauni n'koletsedwa, ndipo boma lachotsapo ogulitsa kangapo, monga pa nthawi ya kolera kumayambiriro kwa 2018 komanso mu July 2023. Banja likasowa benchi mumsika, amene amatumidwa kukayenda ndi beseni la nthochi kapena mazira owiritsa pakati pa magalimoto ndi mwana wamkazi.

Palinso shishita, kusesa kwa apolisi usiku, komwe kumatsamira pa ndime zakale za Penal Code zokhudza anthu ongoyendayenda. Malamulo a mtundu umenewu akutsutsidwa mu Africa muno. Ku Malawi, Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo amene anagwidwa m'bandakucha ku Blantyre akupita ku malonda ake, anapambana mlandu ku High Court mu January 2017, ndipo ndime imene anamugwirira inathetsedwa. Mu December 2020 khoti la Africa loona za ufulu wa anthu, lomwe lili ku Arusha, linapereka maganizo ake akuti malamulo otere amaphwanya ufulu wa osauka, amayi ndi ana. Mtsikana wa zaka 14 wopezeka pakhomo la bala pakati pa usiku ndi munthu woyenera kufunsidwa kuti wathawa chiyani kunyumba, ndipo wamubweretsa pamenepo ndani. Penal Code ya Zambia yomweyo imati mwamuna wogona ndi mwana wosakwana zaka 16 akhale kundende zaka zosachepera 15.

Akangogwidwa, lamulo limati pachitike chiyani?

Makolo kapena womulera adziwitsidwe, ndipo wa ofesi ya Social Welfare alowepo msanga. Mwana asatsekeredwe pamodzi ndi akuluakulu, ndipo mtsikana akhale m'manja mwa wapolisi wamkazi. Ali ndi ufulu wokhala ndi loya, mlandu wake umazengedwa m'khoti la ana kopanda gulu la oonerera, ndipo dzina lake siliyenera kutuluka m'nyuzipepala kapena pa Facebook. Kutsekera mwana kuyenera kukhala njira yomaliza, ya nthawi yochepetsetsa. Mfundo imeneyi ili m'pangano la United Nations la ufulu wa ana la mu 1989, lomwe Zambia inavomereza mu 1991.

Bondi ya kupolisi ndi yaulere, ndipo apolisi eni ake amalengeza zimenezi kawirikawiri. Koma bondi imafuna munthu womuimira amene ali ndi malo okhala odziwika. Mnyamata wa ku Kabwata amayi ake amafika pasanathe ola limodzi, chitenje chili m'chiuno. Mtsikana wantchito uja adiresi yake yokha mu Lusaka ndi nyumba ya amene wamumangitsa. Wogona m'makhonde a mashopu a m'tauni alibe n'komwe adiresi. Atsikana awiriwa amakhalitsa m'maselo kuposa anzawo a milandu yaikulu, pa chifukwa chimodzi chokha chakuti palibe wobwera kudzawasainira.

Akuti mlandu ukhoza kuthera kupolisi osafika kukhoti. Kodi kumeneko si kulekerera ana?

Njira imeneyi a zamalamulo amaitcha diversion: kupatutsa mlandu wa mwana kuti usalowe m'khoti. Boma linakhazikitsa ndondomeko yake mu 2018 mothandizana ndi UNICEF, ndipo lamulo la 2022 linaipatsa mphamvu zonse. Mwana amayenera kuvomera yekha, mosakakamizidwa, kuti analakwa. Kenako angachenjezedwe, angabweze kapena kulipira chimene anatenga, angakhale pansi ndi wolakwiridwayo pamaso pa mkhalapakati ndi abale, kapena angaikidwe pa uphungu kwa nthawi yoikika. Akakwaniritsa zimene anagwirizana, nkhani imatha popanda dzina lake kudetsedwa ndi mbiri ya kukhoti. Akalephera, mlandu ungabwerere m'njira yake yakale.

Kwa anthu a kum'mawa zimenezi si zachilendo. Ndi mmene mabwalo a anyakwawa akhala akuweruzira milandu ya mbuzi yodya chimanga cha eni: wolakwa avomere, alipe, anthu apitirize kukhalira limodzi. Ku South Africa bungwe la NICRO linayamba kupatutsa milandu ya ana kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, lamulo la Child Justice Act la mu 2008 lisanabwere.

Mayi wogulitsa zitenje amene waberedwa amafuna chitenje chake kapena ndalama zake. Mlandu ukapita kukhoti amatseka benchi kangapo kukaperekera umboni, mlandu n'kumangosunthidwa, ndipo pamapeto pake sapeza kanthu. Choncho kupatutsa mlandu kumamukomera ngakhale iye. Pamene njirayi imafooka ndi pakuti imadalira kuti mwana ali ndi kwawo kwabwino kobwererako. Kubweza mtsikana kunyumba kumene bambo womupeza amamugwirira, kenako n'kulemba kuti nkhani yatha, n'kumupereka m'manja mwa chimene anathawa. Wa Social Welfare amayenera kukafika pakhomopo ndi kucheza ndi mwanayo payekha. Ulendo woterowo umafuna galimoto, mafuta ndi nthawi, ndipo maofesi a m'maboma zinthu zitatuzi zimawavuta.

Khoti likagamula kuti asungidwe, amapita kuti?

Malo a boma odziwika ndi atatu. Katombora, m'boma la Kazungula kum'mwera, imayendetsedwa ndi a Zambia Correctional Service ndipo imalandira anyamata. Nakambala ku Mazabuka, ya unduna woona za chitukuko cha m'madera ndi chisamaliro cha anthu, ndi ya anyamatanso. Atsikana ali ndi Insakwe ku Ndola, pansi pa unduna womwewo. Malo amodzi, dziko lonse.

Kuchoka ku Lusaka kukafika ku Ndola ndi mtunda wopitirira makilomita 300. Mayi wogulitsa tomato ku Soweto Market kuti akaone mwana wake ayenera kupeza ya basi yopita ndi yobwerera, ndi kutaya malonda a tsiku lonse kapena masiku awiri. Wa ku Chipata ayenera kuyamba wayenda makilomita oposa 500 kuti angofika mu Lusaka. Komatu cholinga chonse chosungira mwana kumalo otere n'chakuti adzabwerere kwa abale ake ali wosinthika, ndipo ubale umene sunaonane kwa chaka kapena ziwiri umazilala.

Nthawi yoopsa kwambiri ndi yodikira: kudikira mlandu, kudikira lipoti la a Social Welfare, kudikira galimoto yopita ku Ndola. Mu April 2010 bungwe la Human Rights Watch, pamodzi ndi PRISCCA ya ku Zambia ndi ARASA, linatulutsa lipoti la zimene linapeza m'ndende zisanu ndi imodzi, kuphatikizapo Lusaka Central, imene aliyense amaidziwa kuti Chimbokaila. Linapeza ana akugona pamodzi ndi akuluakulu, ndipo pa nthawiyo akaidi 15,300 a m'dziko lonse anali ndi dokotala mmodzi. Mu 2018 mkulu wofufuza za kayendetsedwe ka chuma cha boma anatulutsa lipoti lake pa milandu ya ana, nadandaula za kuchedwa kwa milandu ndi kusowa kwa malo osiyanitsira ana ndi akuluakulu. Lamulo la 2022 limatchula malo apadera odikirirapo ana. Kulemba malo m'lamulo kumatenga tsiku limodzi, kuwamanga kumafuna bajeti.

N'chifukwa chiyani atsikana ali ndi malo amodzi okha?

Chifukwa ndi ochepa. Kafukufuku wa United Nations wa mu 2019 wotsogozedwa ndi Manfred Nowak anapeza kuti mwa ana otsekeredwa pa milandu padziko lonse, 94 pa 100 aliwonse ndi anyamata. Wokonza bajeti akaona chiwerengero chotere amamangira anyamata, ndipo atsikana awiri kapena atatu amene alipo amawalowetsa kuchigawo cha amayi, poganiza kuti amayi sangamuchite choipa mwana. Kumeneko kulibe kalasi ya sekondale, ndipo mwanayo amasanduka wotumidwa wa akuluakulu.

Malamulo a Bangkok, omwe msonkhano waukulu wa United Nations unavomereza mu December 2010, analembedwa pofuna kutseka mpata umenewu. Amanena kuti atsikana otsekeredwa apeze maphunziro ndi ntchito zamanja zofanana ndi za anyamata, alandire uphungu wa anthu ochitiridwa nkhanza za kugonana, apeze chisamaliro cha umoyo wa amayi, ndipo zofunika pa nthawi ya kumwezi azipatsidwa kwaulere. Chomalizachi chimaoneka chaching'ono kwa amene sanagonepo m'selo la kupolisi masiku atatu opanda madzi osamba.

Kodi kuwaphunzitsa kusoka ndi kuluka tsitsi sikokwanira?

Ndi ntchito zabwino, ndipo zadyetsa mabanja ambiri mu Lusaka. Koma amene amakonza maphunzirowa akanayamba ayenda mu City Market momwemo. Telala watsopano akupikisana ndi mabelo a salaula, kumene diresi imagulidwa pa mtengo wosakwana n'komwe wa nsalu. Oluka tsitsi ali mumzere, aliyense akukokera makasitomala kwake. Mtsikana wotuluka ndi satifiketi ya kusoka koma wopanda makina, wopanda benchi, wopanda mpamba wogulira ulusi, wabwerera pomwe anayambira.

Chizolowezi chakale n'chakuti anyamata aphunzire ukalipentala, kumanga ndi kuwotcherera zitsulo, atsikana aphunzire singano ndi mphika. Palibe lamulo limene limaletsa mtsikana kukonza mafoni, kuika magetsi a dzuwa, kuika mapaipi a madzi kapena kuyendetsa makina, ndipo m'dziko limene magetsi anazimazima kwa maola ambiri pa chilala cha 2024, wodziwa za sola sasowa ntchito. Ndalama zophunzirira zilipo ndithu: thumba la chitukuko la CDF linakwezedwa mu 2022 kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, ndipo gawo lina ndi lolipirira achinyamata m'masukulu a ntchito zamanja ovomerezedwa ndi TEVETA. Koma fomu yake imadutsa ku komiti ya wadi, imafuna zitupa ndi anthu okudziwa m'dera. Mtsikana amene wangochoka ku Insakwe sangazikwanitse yekha popanda wamkulu womugwira dzanja.

Luso lamanja lisanabwere pali zina zofunika kuchiza. Mwana amene wazolowera kununkhiza guluu m'ngalande za m'tauni kapena kugula chamba ku Chibolya sasiya chifukwa wapatsidwa makina osokera. A Drug Enforcement Commission ali ndi gawo la uphungu, ndipo chipatala cha Chainama pa Great East Road chimathandiza odwala maganizo ndi ozolowera mankhwala. Amene anagwiriridwa amafunika kuyezedwa, kulandira mankhwala ndi kupeza munthu womumvetsera kwa miyezi yambiri.

Nanga sukulu?

Apa ndi pamene Zambia ili ndi zida zabwino kale. Kuyambira January 2022 maphunziro ndi aulere m'masukulu a boma mpaka giredi 12. Ndondomeko ya mu 1997 imalola mtsikana amene anatenga pathupi kubwerera m'kalasi akabereka. Pulogalamu ya Keeping Girls in School, yothandizidwa ndi World Bank, imathandiza atsikana a m'mabanja olandira mtukula pakhomo wa boma. Chimene chimasowa ndi munthu wonyamula mapepala a mwanayo kuchoka kumalo osungirako ana kupita nawo kwa ahedi a ku Chelstone kapena ku Kabwata, n'kuwapempha kuti amupatse malo popanda kulengeza mbiri yake pa asembule.

Mtsikana akakhala woyembekezera kapena ali ndi khanda, zimakhala bwanji?

Funsoli si lapatali, poti kafukufuku wa zaumoyo wa 2018 uja anapeza kuti 29 mwa atsikana 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena ali ndi pathupi. Malamulo a ndende ku Zambia amalola mwana kukhala ndi mayi ake mkati mpaka zaka zinayi. Zikatero boma limakhala latsekera ana awiri pa mlandu wa mmodzi. Malamulo a Bangkok amalangiza kuti oyembekezera ndi olera ana apatsidwe chilango cha kunja ngati mlandu wawo si wachiwawa. Majisitireti ali ndi mphamvu yomuika mtsikana wotere pansi pa uyang'aniro wa a Social Welfare akukhala kwa abale, ndipo pa milandu yambiri imeneyi ndiyo njira yanzeru.

Ndani akugwira ntchitoyi mu Lusaka?

Pali mabungwe angapo, a boma ndi omwe si a boma. Undikumbukire Project Zambia imayendera ana otsekeredwa, kuwapezera maloya ndi kufufuza abale awo. Legal Aid Board ndi ya boma ndipo imaimira osauka kukhoti. National Legal Aid Clinic for Women yakhala ikuthandiza amayi ndi ana kuyambira 1990. YWCA ili ndi uphungu ndi malo obisalako ochitiridwa nkhanza. Fountain of Hope ku Kamwala imalandira ana a m'misewu. PRISCCA inayambitsidwa ndi Godfrey Malembeka, amene anakhalapo m'ndende iye mwini. Kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit, ndipo nambala ya 116 ya Childline ndi yaulere pa foni.

Mabungwe ambiri otere amadalira thandizo la kunja, lomwe limabwera ndi nyengo yake n'kutha. Mwana amene mlandu wake wayamba m'chaka chomaliza cha pulojekiti angapezeke alibe womuyendera pakati pa ulendo.

Akatuluka, chimamudikira n'chiyani?

Mnyamata wobwera ku Katombora anthu amati anali wopulupudza, wakula tsopano. Mtsikana amapatsidwa mayina ena, okhudza thupi lake ndi khalidwe lake, ndipo mayinawo amamutsatira ku tchalitchi, pa mpopi ndi kwa ofuna kumulemba ntchito. Mabanja ena amaona kuti njira yachidule yochotsera manyazi ndi kumukwatitsa msanga. Kuyambira December 2023 lamulo la maukwati limakana ukwati uliwonse wa munthu wosakwana zaka 18, ngakhale wa mwambo, koma kukomboni ndi kumudzi nkhani zotere zimathera m'nyumba.

N'chifukwa chake miyezi yoyamba atatuluka ndiyo imafuna ndalama ndi anthu kuposa nthawi imene anali mkati: wa Social Welfare womuyendera, malo kusukulu kapena kwa mmisiri womuphunzitsa, ndi wachibale amene wakonzekeretsedwa kumulandira. Amsika nawonso ali ndi gawo limene boma silingagule. Mabenchi a mu City Market amagawidwa ndi oyang'anira msika, ndipo amayi ambiri ogulitsa ali m'magulu a chilimba momwe amasonkherana mpamba. Gulu limodzi lotere likavomera kutenga mtsikana mmodzi, kumuika pa benchi ya mmodzi wa iwo masana akaweruka kusukulu ndi kumulowetsa m'chilimba akayamba kupeza kangachepe, ndiye kuti wapeza womuimira, adiresi ndi ntchito, zinthu zitatu zimene wapolisi ndi majisitireti amafunsa asanamulole mwana kupita kwawo.